Ndinasiya kupemphera ku Joni: zimene mneneri, shehe, abusa ndi alamu anga akuti zindigwera

Foni yanga inapita Lachisanu lina madzulo, pafupi ndi renki ya matekisi ya Noord. Anali anyamata awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo pomwe ndimati nditsegule pakamwa anali atasowa kale m'chikhamu. Nditabwereka foni ya mnzanga n'kuwaimbira amayi ku Dedza, sanayambe ndi kufunsa ngati ndavulala. Anangoti, "Koma iwe, ukumapemphera kumeneko?"

Ndinawanamiza. Kunena zoona, zinali zitakwana zaka ziwiri ndisanagwadeko. Sikuti ndinakhala pansi n'kuganiza zosiya, ayi. Ndimagwira ntchito kukhitchini ya lesitilanti ina kumpoto kwa mzinda uno, ndipo Lamulungu ndi tsiku limene anthu andalama amadya kunja ndi mabanja awo. Ndinayamba ndi kujomba kutchalitchi. Kenaka pemphero la m'mawa linasanduka kuthamangira tekisi, la usiku linasanduka tulo. Kunatsala "Ambuye dalitsani" wa pa nsima, nayenso anazimirira mwakachetechete.

Funso la amayi linandisowetsa mtendere, moti ndinayamba kufunsa aliyense amene ndimakhala naye pafupi kuti munthu akasiya kupemphera chimamuchitikira n'chiyani kwenikweni. Sindinayende mtunda wautali. Pa fulati yathu ku Rosettenville ndi kuntchito ndinapeza mayankho okwana, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti opemphera okhaokha amasiyana kwambiri kuposa momwe ena a iwo amasiyanirana ndi osapembedza.

Ndiyambe ndi achemwali anga, poti ndiwo amayankhula mokweza. Amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg ndipo amapemphera kwa mneneri wina m'tauni, m'holo yomwe kale inali shopu ya mipando. Atamva za foni sanachedwe. "Achimwene, mpanda mwagumula nokha. Lero ndi foni, mawa ndi Lindela." Lindela ndi malo kumene amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Kwa iwo pemphero ndi linga. Ukasiya, mdierekezi amapeza polowera, ndipo zotsatira zake zimaoneka pompano, ndi maso: kuberedwa, kuchotsedwa ntchito, mapepala osatuluka, kugwidwa ndi apolisi, banja losakhazikika, mimba zongopita padera. Amatchula Yobu 1:10, pomwe Satana akudandaula kuti Mulungu anamutchinga Yobu mbali zonse, iye ndi katundu wake yemwe.

Chiphunzitso chimenechi sindichinyoza, chifukwa ndikudziwa chimene chimakokera anthu. Moyo wa mlendo kuno ulibe ndondomeko. Mumadutsa anthu khumi pamsewu umodzi, wapolisi n'kuimitsa iwe wekha. Munthu amafuna chifukwa, ndipo mneneri amapereka chifukwa chimene ungachitepo kanthu usiku womwewo. Pitani pa phiri la Yeoville m'mamawa kapena ku Melville Koppies Lamulungu, mukaone anthu atagwada pamiyala, ena atavala zoyera, ena atanyamula mapasipoti ndi makalata ofunsira ntchito m'manja. Anthu amenewa si opusa. Ndi anthu otopa.

Koma pali zinthu ziwiri zimene zimandivuta. Choyamba, Yobu yemweyo ndiye anali katswiri wa mapemphero. Mutu woyamba womwewo ukunena kuti ankalawira m'mamawa kuperekera ana ake nsembe, kuopa kuti mwina achimwa mumtima. Ndipo ndiye amene anataya zonse. Chachiwiri, chiphunzitsochi sichigonja. Ukaberedwa usakupemphera, akuti n'chifukwa sunapemphere. Ukaberedwa ukupemphera, akuti sunasale kudya, kapena chakhumi unaba, kapena kwanu kuli azakhali okutchinga. Ndipo mankhwala ake ali ndi mtengo m'marandi: mafuta odzozedwa, madzi, sitika, kubzala mbewu (kupereka ndalama kwa mneneri kuti udalitsidwe), kuonana ndi "papa" pa awiri. Dziko lino laona kumene mantha otere amafikitsa anthu. Mu 2014 mbusa Lesego Daniel anadyetsa anthu ake udzu kufupi ndi Pretoria. Mu 2016 Lethebo Rabalago wa ku Limpopo anapopera anthu mankhwala ophera tizilombo a Doom kumaso, ndipo khoti linamupeza wolakwa mu 2018. Bungwe la boma loona za zipembedzo ndi zikhalidwe, la CRL Rights Commission, linachita kufufuza nkhani ya malonda m'chipembedzo n'kutulutsa lipoti mu 2017. Ife Amalawi sitifunikanso kukumbutsidwa za khamu lomwe linkakhamukira ku Pretoria kwa Shepherd Bushiri asanachoke m'dziko lino mu Novembala 2020 ali pa belo, pa milandu ya ndalama yomwe iye amaikana.

Achemwali akamva izi akwiya, koma mphasa imene mneneri wawo wakhalapo inayalidwa ndi agogo athu. Kumudzi, mzimu wa kholo ukaiwalidwa umakumbutsa: maloto, mwana kudwaladwala, mbuzi kufa popanda chifukwa. Anthu amapita patsinde pa mtengo ndi ufa kapena mowa, n'kupepesa. Mvula ikakana, akuluakulu ankapita kukachisi, kwa Mbona ku Khulubvi kapena kwa Makewana ku Msinja. Anzathu a kuno ali ndi amadlozi, mizimu ya makolo awo, ndipo impepho yofukiza poyankhula nawo imagulitsidwa mitolomitolo pamsika wa Faraday ndi ku Kwa Mai Mai. Maganizo ake ndi amodzi: wanyalanyaza, ndiye tsoka lakupeza. Kusiyana kwake n'kwakuti mizimu ya makolo siopseza ndi moto wosatha, ndipo ikalandira kaufa kake imakhala chete. Sipempha mbewu mwezi uliwonse. Ndikudziwa anthu angapo amene Lamulungu ali kwa mneneri, Lolemba ali kwa sing'anga, ndipo akuti mapanga awiri avumbwitsa, koma iwo amati kwa eni sunyoza phanga lililonse.

Yankho losiyana kotheratu ndinalipeza m'chipinda changa momwe. Mnzanga amene timagawana naye lendi ndi wa ku Namwera, amagulitsa nsalu m'shopu ya mmwenye ku Fordsburg. Ndi Msilamu, ndipo foni yake imalira pa nthawi ya Fajr, swala ya m'bandakucha, mu Disembala 4 koloko isanakwane, mu Juni cha m'ma 5:30 madzi a pampopi akuluma zala. Amadzuka, kuchita udhu (kudziyeretsa ndi madzi asanaswali), kuyala mkeka wake pakati pa mabedi athu awiri, n'kuswali. Ndinkayembekeza kuti iyeyu ndiye andiopseze kwambiri. M'malo mwake anaseka. "Achimwene, foni imeneyo inalembedwa kuti ipita. Ine anandibera ziwiri, ina ndikuchokera ku Jumu'a, swala ya Lachisanu."

Kwa iye swala si linga lotchinga akuba. Ndi ngongole. Zisanu pa tsiku, iliyonse pa nthawi yake: Fajr, Dhuhr, Asr, Maghrib ndi Isha. Osaswali sataya foni, amataya chinthu chachikulu kuposa pamenepo. Anandionetsa m'Qur'an Sura 74, ndime 42 ndi 43, pomwe anthu a kumoto akufunsidwa chimene chinawalowetsa kumeneko, ndipo yankho lawo loyamba n'lakuti sanali m'gulu la oswali. Anandiuza za hadisi, mawu a Mtumiki Muhammad, yomwe imati chinthu choyamba kuwerengedwa pa tsiku la Kiyama ndi swala, ndi ina ya m'buku la hadisi la Imam Muslim yomwe imati malire a pakati pa munthu ndi ukafiri ndi kusiya swala. Palinso yakuti wojomba Jumu'a zitatu chifukwa chongopeputsa, Allah amadinda mtima wake. Za pansi pano, Sura 29 ndime 45 imati swala imaletsa munthu zonyansa ndi zoipa, ndipo mnzangayu amaitanthauzira mophweka: n'kovuta kupita ku shabini 3 koloko masana ukudziwa kuti Asr ikukudikira.

Ngakhale Asilamu okhaokha samvana chimodzi pa kukula kwa mlanduwu. Otsatira Imam Ahmad ibn Hanbal ambiri amati wosiyiratu swala watuluka m'Chisilamu. A Shafi'i, omwe Ayao ambiri kwathu amatsatira, pamodzi ndi a Maliki ndi a Hanafi, omwe ndi ochuluka pakati pa amwenye a ku Fordsburg ndi Mayfair, amati wachita tchimo lalikulu zedi koma akadali Msilamu, bola asakane kuti swala ndi lamulo. Mkanganowu si wa m'mabuku chabe, chifukwa umafika pa funso lakuti munthuyo akamwalira amuswalire janaza kapena ayi.

Chimene ndinachisirira n'chakuti lamulo lake ndi lolimba koma lili ndi zitseko zambiri. Wodwala aswali chokhala, akalephera aswali chogona. Madzi akasowa pali tayammum, kudziyeretsa ndi dothi. Pa ulendo, monga wa basi wochoka pa Park Station kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, swala za raka (zigawo) zinayi zimafupikitsidwa kukhala ziwiri. Yomwe yakudutsa umaibweza, amati kadha. Ndinamufunsa kuti ndikanakhala Msilamu, zaka zanga ziwirizo zikanakhala ngongole yaikulu bwanji. Anatenga foni n'kuwerengera: swala 3,650. "Mungabweze, imodzi pambali pa inzake," anatero, "kusiyana ndi lendi, iyi alibe nayo chiwongoladzanja."

Palinso mwayi wa ntchito apa womwe sitiutchula kawirikawiri. Mashopu ambiri a ku Fordsburg amatseka Lachisanu masana, bwana ndi wantchito n'kupita kumzikiti limodzi. Msilamu amene amasamalira maluwa panyumba ya mzungu ku Sandton alibe mwayi umenewo, ngati momwe ine ndilibe Lamulungu. Nthawi zina amene timamutcha wofooka m'chikhulupiriro ndi munthu amene anangopeza bwana wolakwika.

Akatolika ndi ife a CCAP tili pakatikati, ndipo ndidutsapo mofulumira chifukwa ambiri mukuzidziwa. Mnzanga wotsuka naye mbale ndi Mkatolika wa ku Mua. Iye akuti kujomba Misa ya Lamulungu mwadala, popanda chifukwa chomveka monga matenda kapena kulera khanda, ndi tchimo lalikulu, ndipo zili m'Katekisimu wawo pa nambala 2181. Pa nambala 2744 pali mawu owawa a Alphonsus Liguori akuti opemphera apulumuka ndithu, osapemphera atayika ndithu. Koma Misa ya Loweruka madzulo imawerengedwa ngati ya Lamulungu, ndipo njira yobwerera ndi kukalapa kwa bambo mfumu, kwaulere.

Kwathu ku sinodi ya Nkhoma tinatengera zambiri kwa a Dutch Reformed, ndipo Katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563, pa funso 116, amati pemphero ndilo gawo lalikulu la kuyamika kumene Mulungu amafuna kwa ife. Ndiye wosapemphera, poyamba pa zonse, ndi munthu wosathokoza. Mkulu wampingo wina wa kwathu, yemwe ndi mlonda ku Turffontein, anandiyankha ngati mlimi. "Mwana wanga, chimanga chikasowa mvula sichigwa tsiku lomwelo. Masamba amayamba apota, iwe n'kumati chidakali chobiriwira." Anatchula Mateyu 26:41, zakuti tidikire ndi kupemphera kuti tingalowe m'mayesero, ndi Yakobo 4:2, zakuti tilibe chifukwa sitipempha. Anawonjeza 1 Samueli 12:23, pomwe Samueli akuti kuleka kupempherera anthu ake kukanakhala kuchimwira Mulungu. Nditamufunsa za foni, anapukusa mutu n'kunditumiza ku Mateyu 5:45: dzuwa limawalira oipa ndi abwino, mvula imagwera olungama ndi osalungama.

Taonani tsono. Msilamu wa ku Namwera, Mkatolika wa ku Mua ndi mkulu wampingo, atatu onsewa akuti kusapemphera ndi nkhani yoopsa, koma palibe mmodzi yemwe akuti foni yanga inabedwa chifukwa cha zimenezo. Chilango chimene akunena chili mumtima ndi kutsidya kwa manda. N'chifukwa chake palibe njira yochiyezera tidakali moyo. Ungachikhulupirire kapena kuchikana, basi.

Ndiye pali alamu anga. Kumudzi ankaphunzitsa sayansi kusekondale, kuno amayendetsa galimoto ya hayala ya Bolt. Ndi mmodzi mwa anthu ochepa amene amanena poyera kuti sapembedza. Kalembera wa mu 2018 kwathu anapeza kuti otere ndi pafupifupi awiri pa anthu 100 alionse, ndipo ambiri timangodziwa George Thindwa wa Association for Secular Humanism, yemwe ankalimbana ndi nkhani zonamizira agogo ufiti. Yankho la alamu linali lalifupi. "Alamu, palibe chichitike. Mugona mokwanira, basi."

Iwo ali ndi manambala, ndipo amawakonda. Akuti mu 1872 Mngelezi wina, Francis Galton, anaganiza motere: palibe anthu opemphereredwa kwambiri ku England kuposa a banja lachifumu, poti Lamulungu lililonse matchalitchi onse amapempha kuti akhale ndi moyo wautali. Atawerengera, anapeza kuti a m'mabanja achifumu ankafa ali ndi zaka pafupifupi 64, pomwe anthu ena olemera wamba ankafika 70. Kafukufuku wamkulu ndi wa dokotala Herbert Benson wa ku Harvard, yemwe anatuluka mu 2006. Anatenga odwala 1,802 ochitidwa opaleshoni ya mitsempha ya mtima m'zipatala zisanu ndi chimodzi za ku America n'kuwagawa patatu. Gulu lina linapemphereredwa masiku 14 koma losatsimikiziridwa, lina silinapemphereredwe ndipo nalonso silinadziwe, lachitatu linauzidwa kuti likupemphereredwa ndithu. Mwa opemphereredwa osadziwa, 52 pa 100 alionse anakumana ndi zovuta pambuyo pa opaleshoni. Mwa osapemphereredwa, 51. Mwa amene ankadziwa kuti akuwapempherera, 59.

Nditamufotokozera mkulu wampingo uja zimenezi sanatekeseke. Anati Mulungu si mbewa yoti uitchere msampha n'kuwerenga kuti zakodwa zingati, ndipo Yesu yemwe anakana kumuyesa Mulungu m'chipululu. Yankho limeneli ndi lomveka, ndipo kwa iye, kwa shehe ndi kwa bambo mfumu likukwanira, chifukwa sanalonjezepo kuti pemphero ndi jakisoni. Amene manambalawa akumupweteka ndi mneneri. Iye ndiye analonjeza zinthu zowerengeka: machiritso, ntchito, mapepala, chitetezo. Ukalonjeza zowerengeka, usadandaule anthu akayamba kuwerenga.

Alamu amapitirira pamenepo. Akuti kusiya kupemphera kuli ndi phindu lake: ndalama ya mbewu imapita ku Mukuru kukagula feteleza kumudzi, munthu sataya ma ARV chifukwa wina wamuuza kuti wachira, ndipo chinthu chikalakwika umafunsa kuti walakwitsa ndani m'malo mofunsa kuti wachimwa ndani. Apa amatchula moto wa pa 31 Ogasiti 2023 pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, womwe unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu. M'masiku amenewo ndinamva ndi makutu anga anthu akunena m'tekisi kuti m'nyumba zoterozo mumakhala anthu oiwala Mulungu. Komiti yofufuza yomwe ankatsogolera jaji wopuma Sisi Khampepe inaloza kwina: nyumba ya khonsolo ya mzinda yosiyidwa kuti iwonongeke, yodzaza tizipinda ta matabwa, njira zothawira zotsekedwa, malamulo a chitetezo osatsatidwa kwa zaka. M'nyumba imeneyo munali Asilamu oswali kasanu, amayi a mvano, ana osadziwa n'komwe kuchimwa.

Chodabwitsa n'chakuti pa mfundo imeneyi alamu ali ndi Yesu kumbali yawo, ngakhale safuna kumva zimenezo. Pa Luka 13, anthu akukamba za ngozi, ndipo Yesu akutchula anthu 18 omwe nsanja ya ku Siloamu inawagwera n'kuwapha. Akufunsa ngati iwowo anali olakwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, n'kuyankha yekha kuti iyayi. Pa Yohane 9 ophunzira akufunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, iyeyo kapena makolo ake, ndipo yankho ndi lomwelo. Mwa mayankho onse amene ndinasonkhanitsa, lakuti tsoka lako ndi malipiro a kusapemphera ndi lokhalo limene likukanidwa ndi Baibulo, ndi shehe, ndiponso ndi manambala a alamu nthawi imodzi. Koma ndi lomwe limamveka kwambiri pa WhatsApp.

Ndipo mantha amenewa pawokha amadwalitsa. Katswiri wa za maganizo Kenneth Pargament ndi anzake anatsatira odwala 596 a zaka 55 kupita m'tsogolo kwa zaka ziwiri, n'kulemba zotsatira zake mu 2001. Amene ankaganiza kuti Mulungu wawataya, kapena kuti sawakondanso, kapena kuti matenda awo ndi ntchito ya mdierekezi, ankafa mochulukirapo kuposa anzawo. Achemwali akamandiuza kuti mawa ndi Lindela amaona ngati akundithandiza. Sadziwa kuti usiku umenewo sindinagone.

Koma alamu nawo ali ndi pomwe amapunthwa, ndipo popeza amakonda manambala, ndi manambala omwe amawapunthwitsa. Ku Harvard komweko, Tyler VanderWeele ndi anzake anatulutsa mu 2016 kafukufuku wa anamwino achizimayi oposa 74,000 omwe anatsatidwa kwa zaka 16. Amene ankapita kokapembedza koposa kamodzi pa sabata, chiopsezo chawo cha imfa m'zaka zimenezo chinali chotsika ndi 33 peresenti poyerekeza ndi osapita konse. Mbali ina ya kusiyanaku inachokera ku zinthu zodziwika: anali ndi anthu owathandiza, osuta fodya anali ochepa, matenda a nkhawa analinso ochepa. Alamu amati, "Mwaonatu, si pemphero, ndi anthu." Mwina akunena zoona. Koma anthuwo amasonkhana kuti apemphere. Uchotsepo pemphero, ambiri sabweranso, ndipo sindinaonepo gulu la osapembedza kuno ku Joni likuphikira wodwala phala kuchipatala cha Baragwanath.

Apa ndipo pagona nkhani kwa ife a kuno. Agogo anga aamuna anabwera ndi Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya kuno, a Kamuzu asanaletse ulendowu ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu a m'migodi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Ankanena kuti mtchona sachona tsiku limodzi: amayamba wasiya kulemba kalata, kenaka wasiya kukhala ndi anthu a kwawo, mapeto ake aikidwa m'manda a eni popanda wodziwa dzina la mudzi wake. Lero kalata ndi WhatsApp, koma njira yochonera ndi yomweyo. Mpingo ndi mzikiti kuno si nyumba zopemphereramo zokha. Ndi kumene umamva kuti mayi wina ku Fourways akufuna wa m'dimba, kuti chipinda chapezeka ku Turffontein, kuti transipota uyu ndi wokhulupirika ndipo uyo amataya katundu pa boda.

Ndipo ndi kumene kumachokera bokosi. Chaka chatha mnyamata wina wa ku Ntcheu anamwalira m'fulati yoyandikana ndi yathu. Sanali munthu woipa, koma sanali wa gulu lililonse. Thupi lake linakhala kumotchale masabata angapo, mndandanda wa zopereka ukuzungulira m'mafoni, anthu akufunsana kuti kodi ameneyu ndi wa mpingo uti. Mwezi womwewo mayi wina wa kwaya anamwalira, ndipo sabata isanathe anali pa ulendo wa kumudzi, amayi anzake atavala yunifomu akuimba pomuperekeza. Atafika kwawo mnyamata uja, abusa anafunsa kalata ya mpingo ya kumene ankakhala. Panalibe. Anaikidwa popanda mwambo wa mpingo, ndipo kwa mayi ake chimenecho chinawawa kuposa masabata a kumotchale aja. Kaya kumwamba kuli chiyani, ichi ndi chotsatira cha kusapemphera chimene aliyense wa ife angachione ndi maso, wokhulupirira ndi wosakhulupirira yemwe.

Pali chinanso chimene ndinachiona mwa ine ndekha, chomwe palibe anandiuza. M'zaka ziwiri zija sindinadwale, ntchito sinathe, ndipo anandikwezako malipiro pang'ono. Pamenepo alamu apambana. Koma pemphero la usiku linali nthawi yokhayo pa tsiku imene ndinkatchula abale anga mmodzimmodzi: amayi ndi miyendo yawo, mng'ono wanga ndi mayeso ake a Fomu 4, mwana wa achemwali amene anatsala kumudzi. Nditasiya, mayinawo anasiya kudutsa pakamwa panga. Sindinawade, ndinangoyamba kuwakumbukira pa tsiku la malipiro lokha, kenaka ena mwa masiku a malipiro. Alamu akuti zimenezo sizifuna Mulungu, munthu angathe kukhala chete mphindi khumi usiku n'kuganizira anthu ake, kapena kulemba m'kope. N'zoona, angathe. Ine sindinatero. Mphindi zimenezo zinapita ku Facebook ndi kubetcha mpira. Mkulu wampingo akuti amenewo ndiwo masamba opota aja. Awiriwa akufotokoza chinthu chimodzi, wina akuti chizolowezi chabwino chatayika, wina akuti mzimu wauma, ndipo ine amene zinandichitikira sindingathe kulekanitsa.

Mukandifunsa kuti pa mayankho onsewa ndi liti lomwe ndingamuuze mnyamata wongotsika basi pa Park Station, la mneneri ndingamuchenjeze nalo, chifukwa limadya ndalama ndi tulo, ndipo silipirira kufunsidwa mafunso. La mnzanga wa ku Namwera ndi lolemera kusenza kuposa onse, koma silinamiza munthu za foni, ndipo limam'patsa tsiku lokhala ndi mizati isanu m'mzinda womwe masiku amangofanana. La Akatolika ndi lathu la CCAP ndi lofatsa, mwina lofatsa mopitirira, moti munthu umatha zaka ziwiri osamva kuti chinachake chachoka. La alamu ndi loona pa zimene zingayezedwe, koma limakwanira munthu amene ali ndi mutu wa mphunzitsi wa sayansi, mkazi wopemphera amene amamusungira malo pakati pa anthu, ndi galimoto yake.

Ndikutero chifukwa alamu omwewo amalipira mwezi ndi mwezi kuthumba la maliro la gulu la achemwali ena a mpingo wa akazi awo. Lachitatu madzulo Amalawi a mpingo wathu amakumana m'galaja ina ku Turffontein, poti ambiri Lamulungu ali pantchito ngati ine. Ndinayamba kupitako miyezi inayi yapitayo, ndipo amene amandiperekeza ndi alamu. Amandisiya pageti, iwo n'kukhala m'galimoto kudikira oda, koma tiyi akatuluka amalowa.

Amayi anafunsanso sabata yatha ngati ndikupemphera. Ndinati pang'ono. Anati pang'ono ndi mchere, osati pemphero, kenaka anayamba za mtengo wa feteleza. Foni yatsopano ndimaibisa m'sokosi ndikamadutsa pa Noord. Achemwali anaimata sitika ya mneneri wawo kumbuyo ine ndili kubafa, ndipo sindinaimatule, chifukwa ikubisa pomwe panang'aluka.